Tcheni Chinaduka Ife Tikuseka

Olemekezeka Wapampando wa bungwe loyendetsa fakitale ino, olemekezeka Mkulu wa fakitale, atsogoleri a mgwirizano wa apantchito, akapitawo nonse, amayi ndi abambo amene manja anu amadyetsa tonsefe, ndakulonjerani.

Ndikuthokoza pondiitana kudzatsegula ofesi yolandira madandaulo a anthu ozunzidwa pantchito. Koma ndisakunamizeni, ndabwera mtima ukuwira, chifukwa polowa pageti paja ndamva wina akuti, "Kungoseka basi, mpaka ofesi?" Musayang'anane, mwini wake akudzidziwa!

Ndili kapitawo zaka zapitazo, tinali ndi bambo wina wowotcherera zitsulo, waluso losowa, koma wachibwibwi. Anzake anamupatsa dzina loti Jenereta. Akangotsegula pakamwa, shedi yonse inkakuwa, "Kokaninso chingwe, sanalire!" Mmawa, masana, chaka ndi chaka. Bamboyo anasiya kudya ndi anzake, anasiya kupereka moni, mapeto ake anasiya kuyankhula. Ife tinkati ndi wofatsa.

Tsiku lina anandipeza pakati pa gulu, thukuta lili kamukamu, nati, "Bwana, tche-tche-tche..." Anthu anafa nacho chikhakhali. Inenso, kapitawo wathunthu, ndinaseka nawo. Iye anaweramitsa mutu nabwerera.

Ola lisanathe, tcheni chonyamulira zitsulo chinaduka, ndipo chitsulo chinaphwanya mwendo wa mnzathu, bambo wa ana anayi. Sanayendenso popanda ndodo.

Pochokera kuchipatala ndinamukalipira wowotcherera uja. "Achimwene, ngati munaona kuti tcheni chatha, bwanji simunanene?" Anandiyang'ana m'maso, ndipo ulendo uno sanachite chibwibwi: "Ndinabwera, bwana. Munaseka."

Amayi ndi abambo, nthabwala imakoma onse akaseka. Koma pamene khumi akuseka, mmodzi akumeza misozi, imeneyo ndi nkhanza. Kugwira mayi thupi iye asakufuna, kutonza munthu chifukwa cha chilema, kuopseza wantchito kuti umuchotsa akakukana, zonsezi zimatseka munthu pakamwa, ndipo pakamwa tikapatseka lero, ndi pomwe pakanatichenjeza mawa.

Inu amene mudzakhale mu ofesi iyi, munthu akalowa ndi dandaulo lake, mupatseni mpando, mudikire mpaka amalize mawu ake, ngakhale wodandaulidwayo akhale bwana wanu.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti ofesi iyi yatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri.