Paipi ya Kumanzere

Mulungu ngwabwino, ndipo apolisi inu manja anu adalitsike. Zimenezo mulembe kaye pamwamba, abwana, kenako tiyambe.

Ine, amene anthu amangonditchula Azakhali a Mabingu, wa zaka 54, ndimakhala kuseri kwa msika, nyumba ya chitseko chobiriwira yoyang'anana ndi mpope. Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita zovala za anthu. Sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye mulembe momwe ndikuyankhuliramu.

Mabingu ndi mwana wa malemu achimwene anga. Ndamulera ine kuyambira ali wamamina. Panopa amakonza mafiriji. Chaka chatha anagula njinga yamoto yofiira, zothamanga zija zokwera chowerama ngati munthu wam'mimba mopota. Inali ndi mapaipi a utsi awiri onyezimira, imodzi kumanja, imodzi kumanzere. Ikalira, agalu a mumsewu mwathu ankathawira kuseri kwa nyumba. Dzina lakelo linachokera pamenepo. Lamlungu lililonse ankapukuta mapaipiwo ndi kansalu kofewa kamene ngakhale nkhope yake sinakalawepo.

Ine ndili ndi matenda a shuga, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kuchipatala. Tsiku lina m'nyengo ya mvula minibasi zinasowa, iye n'kunena kuti andinyamula. Ndinakana kukhala chotang'adza. Ndinakhala chammbali, miyendo yonse kumanzere, monga amakhalira munthu wamkulu wovala siketi. Titafika pageti la chipatala, potsika, kuseri kwa mwendo wanga kunakhudza paipi. Siketi inali ya nayiloni yamaluwa achikasu, inasungunuka n'kumatirira pachitsulopo. Sindinalire. Wosita zovala wapsapo kambirimbiri ndi simbi.

Koma chifukwa cha shugayo chilonda chinakana kupola. Adokotala anati chikapitirira choncho adzaganiza zina za mwendowo. Mabingu analipo pamene ankanena zimenezo. Kuyambira pamenepo ankabwera m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, kutsuka chilondacho ndi madzi amchere, kumanga, n'kumapita. Chinadzapola mvula itatha. Chipsera ndi ichi, mayi wapolisi wa pano wachiona.

Loweruka lina Mabingu anabwera wapansi n'kunena kuti ndimuperekeze. Tinapita kugaraja ya kumapeto kwa msewu wathu. Njinga inali kale komweko. Amakanika anati, "Mphwanga, anzako amawonjezera mapaipi, iwe ukuchotsa. Akuseka."

Iye anati, "Aseke. Masulani yakumanzereyo."

Ndinaona ndi maso anga akumasula paipiyo. Timapaipi tochokera mu injini anatilumikiza pansi kuti utsi wonse uzitulukira kumanja. Ataliza koyamba, njinga inkatsokomola ndi kuphulika ngati chimanga chokazinga. Amakanika anati yazolowera kupumira mphuno ziwiri, ndiye anakhala akusintha kalowedwe ka mafuta mpaka dzuwa litapendeka. Panopa garajayo anaitseka, ndipo amakanikawo anasamuka, sindikudziwa kumene ali.

Tsiku lomwelo wowotcherera zitsulo wa pafupi pomwepo anandiimika pakatoni n'kujambula mapazi anga ndi choko. Anati, "Amayi, lero ndayamba kusoka nsapato zachitsulo." Anadula chitsulo chophwatalala n'kuchiwotcherera kumanzere, pamene panali paipi paja, kuti ndizipondapo. Kumbuyo kwake anaikako tizitsulo tiwiri togwira zidendene. Tizitsuloto sitili pamzere umodzi. Kamodzi kali kumbuyo pang'ono, chifukwa phazi langa lakumanzere limatupa ndipo ndi lalikulu kuposa linzake.

Titatuluka, anzake okwera njinga anali pasitolo ya pakona. Mmodzi anakuwa kuti, "Mabingu asanduka mawawa!" Iye anangowaimikira dzanja. Anandifunsa ngati ndakhala bwino. Ndinati ndakhala ngati mkazi wa bwana. Kuchokera tsiku limenelo, kuchipatala ndinkapita panjingayo.

Mwezi wathawu njinga inabedwa masana, iye ali m'sitolo ina akukonza firiji. Ine kunalibe. Ndinangomuona akubwera wapansi, chipewa cha njinga chili m'manja. Anakhala pakhonde, ndinamupatsa madzi, sanamwe. Chithunzi chimene anapereka kupolisi kuno ndi chakale, cha mapaipi awiri. China analibe, chifukwa chichotsereni paipi ija sanaijambulenso njingayo.

Lero m'mawa anabwera akuthamanga kuti njinga yapezeka, koma aipaka penti yakuda, nambala ya pa injini aipala, ndipo bambo amene amupeza nayo akuti ndi yake. Bamboyo akuti yosowayo ndi ya mapaipi awiri, yake ndi ya imodzi chigulireni, ndipo chitsulo cha kumanzerecho ndi choikapo katundu. Ndinasiya malaya a anthu m'beseni, ndinakoka chinthu changa pansi pa bedi, n'kubwera.

Ndisanaione njingayo, ndinauza bwana wamkulu wa polisi ino za tizitsulo ta zidendene, ndi kuti kakumanzere kali kumbuyo. Anapita kukaona, anabwerako, anati ndituluke. Pabwalo paja Mabingu anandigwira mkono, ndinakwera chammbali, ndinaponda. Mapazi onse analowa m'malo mwake. Bwanayo anafunsa bamboyo kuti katundu wake ali ndi zidendene kodi. Bamboyo anayang'ana pansi.

Kenako ndinamasula chimene ndinakulunga m'thawulo. Ndi paipi ya kumanzere ija. Maluwa achikasu a siketi yanga akadali pomwepo, sachoka. Wapolisi wina anailozetsa pabowo la bawuti limene linatsala pansi pa mpando, ndipo inagwirizana.

Mabingu sankadziwa kuti ndili nayo. Tsiku lija anauza amakanika kuti aitaye, ine ndinabwerera mawa lake kukaitenga. Lamlungu lililonse ndimaipukuta. Bwanayo anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinayankha pamaso pa onse kuti ndinaisunga kuti ine ndikadzatsikira kuli chete, mwanayu adzabwezeretsepo, njinga yake idzalirenso ngati kale.

Mabingu anatembenuka n'kuyang'ana khoma. Kenako anati, "Azakhali, ichita dzimbiri ikudikira."

Ndinati, "Sichita. Ndikupukuta ndine."

Ndikupempha kuti mlandu ukatha, njinga mumupatse mwini wake, koma paipiyo mundibwezere ine. Lembaninso kuti mwezi ukatha ndimutumizira Mabingu ndalama ya penti yofiira, ndipo asayerekeze kukana, popeza zalembedwa kupolisi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera ndipo ndi momwe ndanenera.

Chidindo cha chala cha mboni: ____________

Wolemba umboni: ____________