Kamangidwe ka a Doming

Pamzere wa pamalo osindikizira mabuku ku Recto, mumzinda wa Manila, mayi wachikulire anasuzumira m'mapepala amene mayi wachitsikana wa patsogolo pake ananyamula.

"Pepani mwanawe, maso alibe mpanda. Buku lachikondili mwalemba ndinu?"

"Ndangotumidwa, mayi."

"Wokutumaniyo mukamuuze kuti zina walemba bwino. Mwamuna wolemerayu akuyamba wapempha kuti amange mkazi ndi chingwe, mkaziyo akuvomera, agwirizananso mawu oti mkazi akangowatchula chingwe chimasulidwe. Koma kamangidweka ndi ka nkhumba."

"Ka nkhumba bwanji?"

"Kuzunguliza kawiri, kupisa pansi, kukoka. Nkhumba ikamaphiriphitha chingwe chimanka chilimba. Mkaziyu akatchula mawu akewo, bwana wolemerayu azikafunafuna mpeni kukhitchini."

"Owerenga anga sanadandaulepo. Ili ndi buku lachitatu."

"Owerenga anu? Paja mwangotumidwa. Komanso amamanga chonchi ndi munthu mmodzi yekha, a Doming ogulitsa nkhumba ku Lemery. Ndinu mwana wawo uja amati ali ku Manila kuno, akulemba mabuku a ana asukulu?"

"Mayi, chonde, tsitsani mawu. Dzina ndinasintha dala. Amayi anga amatsogolera kwaya kutchalitchi. Akamva zimenezi sindidzapondanso pakhomo pawo."

"Mabuku awiri oyambawo anandibwereka ndi amayi anuwo."

"Ndiye kuti akudziwa?"

"Anakuzindikirani pa tsamba lachisanu. Chowakwiyitsa n'chimodzi basi, chakuti simunawafunse. Akuti bambo anu akamamanga munthu samanga choncho."