Ndinafufutitsa Mayina a ku Biriwiri

Omvera anzanga, ndine mayi wa pa Ntcheu Boma. Ndimatsogolera gulu la akatswiri a makompyuta pa bungwe lina, ndipo ntchito yathu ndi kusunga zonse zimene olembera amatolera m'midzi pa matabuleti. Chaka chino tinalemba mabanja a ku Biriwiri omwe minda yawo inakokoloka, kuti alandire mbewu ya kachewere.

Tsiku lina mnzanga wa pa ntchito anandichenjeza kuti, "Amayi, tiyambe takopera mayinawa pena tisanasinthe pulogalamu." Ine ndi phuma langa ndinangoti, "Nthawi palibe, sinthani basi." Mayina onse anafufutika.

Dzulo kunabwera bambo wina wachikulire ku ofesi, fumbi lili mbuu kumapazi. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, munandijambula ndi chithunzi chomwe, nanga dzina langa lapita kuti?" Ndinawapepesa. Mabwana atipatsa mpaka Lachisanu kuti tipereke mayinawo, ndipo mvula yayandikira.

Chonde, inu a ku Biriwiri, tikubweranso Lachitatu. Ndikudziwa kuti mwatopa nafe. Mudzandikalipire mmene mungathere, koma bwerani mudzalembetsenso. Wolakwa ndine, ana anu asagone ndi njala chifukwa cha ine.