Msuku Waminga wa ku White City

"Ine nditazika munsi pansi, pofika Lamulungu mukhoza kukhala pamthunzi pake," ankatero a Ackim, telala wa ku White City, munthu akangoyerekeza kuwapatsa moni.

Umboni unalipo. Pakona pa dimba la anthu a m'deralo, kuseri kwa mabedi a sipinachi ndi anyezi, panali mtengo umene iwo ankati ndi msuku woyamba m'Botswana monse. Mtengowo unali ndi nkhani yake. A Ackim atafunsira mayi Hazel, nesi wamasiye wa ku Kgale View, mayiwo anaseka nati adzavomera tsiku limene adzadye masuku obereka mu Gaborone momuno. Mwamuna wina akanamva kuti chitseko chatsekedwa mwaulemu. A Ackim anamva tsiku la ukwati.

Anaitanitsa njere kumudzi, nakatenga manyowa a mbuzi ku Sebele. Madzi onse a gawo lawo ankathira pamenepo, mpiru wawo n'kumafa ukuona. Chinameracho chinakula ndi timasamba ngati ta bwemba, ndi minga yoti n'kusokera thumba. Mma Kefilwe, wapampando wa dimbalo, anawauza kangapo kuti umenewo ndi mosu, mtengo wa m'tchire umene umamera wokha m'ndowe za mbuzi. A Ackim anati ndi nsanje. Chilichonse cha kwathu chimawonda chikafika kuno, iwo anatero, ndipo mlendo wopanda minga m'dziko la eni amadyedwa. Mtengowo utabereka timakoko topindika ngati ndolo, anati ndi masuku amene ali pa ulendo wokakhala ozungulira, kungoti dzuwa lawapeza panjira.

Loweruka lotsatira anadzaza timakoko tija m'jumbo n'kutuma nato kwa mayi Hazel Chindikani, mnzawo wa kutchalitchi, mlonda wamkulu ndithu koma woti ukamutuma kukaona ngati mpunga wapsa amabwera n'kukuuza kuti waona. Masana Chindikani anatsika kombi, minibasi ya kuno, akupukuta pakamwa, napeza a Ackim ali ndi keni yothirira pansi pa mtengo wawo.

Chindikani anati ali ndi uthenga wochokera kwa mayi Hazel, ndipo anayamba kufotokoza kuchokera pamene anakwera kombi. A Ackim anakweza dzanja.

"Usandiyalire nkhani ngati wailesi, mphwanga. Uziyankha chokhacho chimene ndafunsa. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

"Unawapeza?"

"Ndinawapeza."

"Unati chiyani?"

"Zimene munandiuza. Ndinati dumela mayi, msuku uja wabereka."

"Iwo?"

"Anakhala pansi."

"Pampando?"

"Pansi penipeni. Pakhonde. Mpando unalipo koma anauphonya."

A Ackim anaika keni pansi pang'onopang'ono. Anamuuza Chindikani kuti aphunzirepo, poti iye anakwatira mochita kumupezera azakhali: chikondi chenicheni chimayambira m'maondo. Anafunsa ngati mayiwo anayankhula kanthu ali pansipo. Chindikani anati anagwira pamtima, nafunsa kawiri ngati waberekadi, kenako anati mayo ine.

"Mawu omwewo ananena mayi anga tsiku limene bambo anawafunsira," anatero a Ackim. "Jumbo anatsegula?"

"Anatsegula."

"Ndiye?"

"Anasuzumiramo."

"Ndiye?"

"Anasuzumiramonso."

"Iwe, ndikudziwa kuti ali ndi maso. Anatani atasuzumira?"

"Analira."

"Misozi?"

"Misozi yeniyeni. Koma inayamba ngati kuseka."

Apa a Ackim anayenda mozungulira mtengo wawo manja kumbuyo, munga n'kuwakola malaya, iwo n'kuukolola mwaulemu ngati wawakola mwana wawo. Anafotokoza kuti mkazi akaseka ndiye kuti wakondwa, akalira ndiye kuti wagonja, koma akachita zonse ziwiri nthawi imodzi, kagule nsalu ya suti. Chindikani anafunsa ngati apite pompano, poti masitolo a Amwenye amatseka msanga Loweruka. Anamuuza akhale pansi. Anakhala pa dothi.

"Analawa?"

"Ayi."

"Chabwino. Masuku sadya atangothyola, amavundika kaye. Mkazi wodziwa zinthu. Anavundika pati?"

"Anapatsa ana apafupi kuti akadyetse akalulu awo."

Apanso a Ackim anapeza tanthauzo lake. Anati chipatso choyamba munthu woopa Mulungu sadya yekha, amapereka, ndipo zalembedwa penapake m'Chipangano Chakale. Chindikani anavomera kuti za Mulungu zinalipodi, chifukwa atangopukuta misozi mayiwo anagwada n'kupemphera pakhonde pomwepo, m'Chichewa, kenako m'Chitswana, ke a leboga, ke a leboga, mpaka galu wapafupi anasiya kuuwa.

"Zilankhulo ziwiri," anatero a Ackim, mawu atatsika. "Wamva, Chindikani? Mkazi kuthokoza Mulungu pa zilankhulo ziwiri chifukwa cha ine."

"Chifukwa cha mtengo, achimwene."

"Mtengo anabzala ndani?"

"Mma Kefilwe amati mbuzi."

"Ndakufunsa za Mma Kefilwe?"

"Mwafunsa amene anabzala."

A Ackim anazisiya zimenezo, chifukwa munthu amene akukwatira sakangana ndi mlonda. Anafuna kudziwa chimene chinali pakamwa pa Chindikani potsika kombi. Anali mafuta a magwinya, mandasi a kuno: mayi Hazel anamupatsa odzaza mbale, ndi tiyi wamkaka, nati chiyambire sanalandirepo uthenga umene unayamba moopsa n'kutha bwino chonchi. Anaitananso amayi oyandikana nawo kuti adzaone timakoko tija, ndipo mmodzi anaseka mpaka anatsamira geti.

Basi, a Ackim sanathenso kudzigwira. Anaitana Mma Kefilwe amene ankapalira anyezi, naitana amayi awiri a pa thanki, ndi bambo wina wa ku Zambia amene ankangodutsa ndi wilibala. Anawauza kuti ukwati ulipo, tenti idzamangidwa pano pomwe, pansi pa msuku, suti adzasoka okha, ndipo amene ankanena za mbuzi adzakhala kumbuyo koma chakudya adzalandira. Mma Kefilwe anatsamira khasu, nati pula, rra, kuwafunira zabwino m'Chitswana, ndi nkhope ya munthu amene akudikira kuti mphika usefukire.

Anthu atasonkhana chonchi, a Ackim anafuna kuti amve ndi makutu awo.

"Chindikani, imirira. Za ine ananenapo chiyani mayiwo?"

"Anati ndinu munthu wosatopa."

"Mwamva? Nanga za mtengowu?"

"Anati musaudule, ngakhale wina atanena zotani."

A Ackim anayang'ana Mma Kefilwe kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tsopano uwauze anthuwa pemphero lija. Lonse, mmene linatulukira. Usachotsepo, usawonjezepo."

Chindikani anasasa fumbi pa thalauza, anavula chipewa, anatseka maso, napinda manja monga anachitira mayi Hazel.

"Ambuye, ndikuthokozani. Mtima wanga unaima, ndimati waberekadi masuku."

Anatsegula maso n'kuvala chipewa. Ku thanki madzi anali akusefukira mu ndowa, popanda wopita kukatseka.

"Uthenga uja ndinene tsopano, achimwene, kapena mufunsa kaye?"

A Ackim sanafunse, koma Mma Kefilwe anafunsa m'malo mwawo.

"Anati muziuthirira womwewu," anatero Chindikani. "Musakabzale wina."