Wolapa Amafa M'filimu Iliyonse

Moni okondedwa, tiyamike Mulungu amene watidzutsanso lero. Pa siteji ya Mitundu, anthu akudikira minibasi, mayi wina anamva bambo wina akutama mafilimu a zigawenga amene amaonetsa m'nyumba yake ya vidiyo.

"Kani ndinu mumaonetsa zimenezo? Bwanji aliyense wofuna kusiya umbava mumamupha kumapeto?"

"Wopha si ine, mayi. Ine ndimangoonetsa."

"Wosankha ndinu. Mwana wanga wasiya gulu la akuba ng'ombe, wabatizidwa mwezi wathawu. Anzake akale akumuopseza kuti wotuluka m'gulu sakalamba. Akabwera kwanuko, vidiyo ikumuuzanso zomwezo. Mukufuna abwerere?"

"Nanga munthu atalapa n'kuyamba kulima fodya, angaonere ndani? Ngakhale mbala ya pamtanda ija inalapa, koma inafa ndithu."

"Musandiphunzitse Malemba, bambo. Ija inafa italonjezedwa Paradaiso. Zanuzo zimafera m'ngalande, anyamata n'kumaomba m'manja opanda manyazi."

"Mwana wanuyo ndi uti?"

"Gilibati. Wamtali, wachipsera patsaya."

"Wokhala pafupi ndi chitseko uja? Ameneyo mapeto sawaona, mayi. Chigawenga chikangofika kwa amayi ake n'kugwada, iye amanyamuka n'kutuluka."

"Amapita kuti?"

"Ndimayesa mukudziwa ndinu."

"Kani n'chifukwa chake amafika pakhomo maso ali psuu, n'kumandinamiza kuti ndi fumbi."

Ambuye akusungireni ana anu, ndipo wosochera aliyense akabwerera apeze khomo lotsegula.