Mota ya Chigayo cha Che Mahamudu

Olemekezeka a Mfumu Yaikulu ya dera lino, magulupu ndi anyakwawa onse, olemekezeka Phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo, a Khansala, nthumwi ya Bwanamkubwa wa boma la Blantyre, akuluakulu a koleji imene ine ndinakalambirapo, a Shehe ndi Abusa, amene ndakuonani mwakhala pa benchi limodzi, amalonda a pano pa Lirangwe, amayi ndi abambo ochokera ku Chileka, ku Madziabango ndi midzi yonse yozungulira, ndi inu ana a sukulu amene mwakwera pachulu apo kuti muone bwino: landirani moni wanga, landiraninso kuthokoza kwanga pondipatsa mpando umene sindinauyembekezere.

Ine ndine Walter Namaona, mphunzitsi wopuma. Moyo wanga wonse wa ntchito ndinaphunzitsa luso la magetsi ndi makina, ndipo ana amene anadutsa m'manja mwanga ambiri ali m'mafakitale a mumzinda, ena ali kunja kwa dziko lino. Koma lero ndi koyamba kuti ndiitanidwe ndi ophunzira anga amene atenga lusolo n'kubwerera nalo kwawo. Nyumba mukuionayi ndi malo okonzera mamota, mapampu a madzi ndi majenereta, ndipo eni ake ndi awa akhala kutsogoloku: Zaituni abiti Mahamudu wa konkuno, ndi mnzake wa m'kalasi, Japhet Mailosi wa ku Madziabango.

Ndiloleni ndikuuzeni kumene nyumba imeneyi inayambira, pakuti siinayambire pa njerwa.

Zaituni ali m'chaka chake chomaliza, mwezi wa Juni anthu atangokolola, ndinamva kugogoda pakhomo la ofesi yanga. Analowa bambo wovala mkanjo woyera, nkhope yotopa. Ndikuwaona apo akuweramitsa mutu. Che Mahamudu, pepani, nkhaniyi ndiyinena ndithu. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndabwera kudzatenga mwana wanga. Mota ya chigayo changa yapsa. Ndinapita nayo m'tauni, anaikonza, yapsanso. Chigayo chimenechi n'chimene chimamuphunzitsa. Tsopano chafa, abwere akakhale m'golosale ndi amayi ake."

Ndinamuitanitsa Zaituni. Anamvetsera mawu a bambo ake atagwada. Atatha, anati, "Ababa, ndamva. Ndipita. Koma motayo musaigulitse kwa ogula zitsulo. Ibweretseni kuno kaye."

Bambo ake anati, "Amisiri a m'tauni alephera, ndiye iwe?"

Iye anati, "Ikandikana, ndidzabwera nayo kunyumba ndekha, ndipo za sukulu sindidzazitchulanso."

Olemekezeka, wophunzira aliyense wa chaka chomaliza amayenera kuonetsa ntchito ya manja ake asanalandire satifiketi. Ndinalola kuti ntchito ya Zaituni ikhale mota imeneyo, ngakhale mumtima ndinali ndi mantha, chifukwa ndinadziwa kuti ikalephereka, mwanayu ataya zonse nthawi imodzi: chigayo, sukulu, ndi chikhulupiriro cha bambo ake.

Motayo inabwera pa galimoto ya tomato, yakuda bii, ikununkha utsi. Zaituni anachotsa mawaya onse opserera, n'kuyamba kukulunga atsopano, mmodzimmodzi, mpaka zala zinatupa. Tsiku loyesa litafika, kalasi yonse inasonkhana. Tinayatsa. Motayo inangong'ung'udza, osazungulira, kenaka magetsi a chipinda chonse anathima. Anyamata ena anaseka. Musaseke inu, pakuti ena mwa oseka aja ali pompano, avala masuti. Amene sanaseke anali Japhet. Anatenga chida choyezera magetsi n'kunena kuti, "Achemwali, tiyeni tione pamene mwasemphanitsa." Anapeza kuti nsonga ziwiri za waya zinalumikizidwa mosinthana. Anakonza, ndipo mawa lake motayo inazungulira bwinobwino.

Ine ndinati ntchito yatha. Zaituni anakana. Anati, "Aphunzitsi, motayi siinapse yokha. Chilipo chimene chikuipha, ndipo chili ku Lirangwe. Tikangoibwezera, ipsanso."

Tinakwera minibasi atatu tonse kubwera kuno. Atatsegula chigayocho anapeza beringi, kachitsulo kofewetsa kuzungulira, itatheratu, shafuti, chitsulo chachitali chozunguza chigayo, itapindika pang'ono, lamba atakungika mopitirira. Chigayo chinali kulemera, mota inali kukoka mpaka kutentha. Ana a sukulu inu, mvetsani pamenepa, pakuti ndi pamene pagona maphunziro athu: wodziwa magetsi okha akanakulunga mawaya kachitatu, wodziwa zitsulo zokha sakanaigwira n'komwe motayo, koma amene waphunzira zonse ziwiri amamva kudandaula kwa waya, amamvanso kudandaula kwa chitsulo, ndipo amadziwa kuti matenda akaonekera kuno, gwero lake likhoza kukhala uko.

Tsiku loyatsa linali Loweruka m'mawa. Mbiri inali itamveka, ndipo amayi anali atandanda panja ndi matumba awo, amayi amene nyengo yonse ija ankapalasa njinga ulendo wautali kukagayitsa kwina. Zaituni anapukuta manja n'kunena kuti, "Ababa, dinani ndinu." Che Mahamudu anayang'ana batani lobiriwira loyatsira nthawi yaitali. Kenaka anati, "Bismillah," n'kudina. Chigayo chinalira. Ufa unayamba kutsika. Nthungululu za tsiku limenelo, ndikhulupirira, zinamveka mpaka kumsika. Koma bambowa sanavine. Anaika dzanja pa mota kuti amve ngati ikutentha, anadikira thumba loyamba, lachiwiri, anaikanso dzanja. Kenaka anandiyandikira, ndevu zili mbuu ndi ufa, n'kunena chapansipansi, "Aphunzitsi, Lolemba abwerere ku sukulu."

Anabwerera, anakhoza, ndipo iye ndi Japhet anaitanidwa ndi makampani a mumzinda. Anagwirako ntchito, anaphunzira zambiri, kenaka anasankha kubwera kuno. Kuyambira lero, mlimi wa kudimba pampu yake ikaima, sadzaonanso mbewu zake zikufota podikira mmisiri wa kutali. Mwini chigayo sadzanyamulanso mota kupita nayo ku Limbe. Wowotcherera zitsulo, wometa, wosoka, aliyense amene chakudya chake chimadalira chinthu chozungulira, ali ndi kothawira pakhomo pomwe. Ndamvanso kuti alonjeza kulandira ophunzira a m'makoleji odzaphunzira ntchito, ndipo woyamba, mtsikana wa ku Chileka dzina lake Sumaiya, wayamba kale.

Kwa makolo ndinena mawu amodzi okha. Mwana akakuuzani kuti akufuna kuphunzira za magetsi ndi makina, musayang'ane ngati wavala buluku kapena mpango kumutu. Yang'anani manja ake ndi mtima wake. Kwa inu a boma ndi a Phungu, magetsi akamathimathima, nyumba ngati iyi imagona ndi njala, tithandizeni pamenepo. Ndipo kwa inu awiri, Zaituni ndi Japhet, ndinakuphunzitsani zimene ndinkadziwa, koma lero mwafika pamene ine sindinafike. Gwirani ntchito moona, kasitomala mumuuze zoona ngakhale zikhale zowawa, ndipo musadzabweze makina a munthu musanapeze chimene chinawadwalitsa.

Tsopano, mwa ulemu umene mwandipatsa, pamaso pa mafumu athu, pamaso pa makolo amene anapirira, ndi pamaso pa Mulungu amene tonse timamupembedza, ndikulengeza kuti malo okonzera makina a Zaituni ndi Japhet pano pa Lirangwe atsegulidwa. Amene muli ndi mota yakufa kunyumba, mawa m'mawa chitseko chidzakhala chotsegula.

Zikomo kwambiri.