Khoma Lapola

Kuno mumzinda wa León, a Don Casimiro Urbina akalambira pa ntchito yoyendetsa alendo. Amayambira ku tchalitchi chachikulu cha atsamunda, n'kukamalizira pakhoma la nyumba ya a Doña Herminia, pomwe pali mabowo a zipolopolo za nkhondo yochotsa wolamulira wankhanza. Tsiku limenelo abwana awo, a Doña Leticia, anatsagana ndi gulu la alendo kuti aone ngati mkuluyu akuyenerabe ntchito kapena ipite kwa wina wodziwa Chingelezi. Choncho a Casimiro anawasiya onse akujambulana padenga la tchalitchi, iwo n'kutsogola kukaona ngati kukhomako kuli bwino.

Anapeza khoma lili see, pulasitala akadali wamuwisi, mmisiri Fulgencio akutsuka mpeni wake womangira mu ndowa.

"Maestro, mabowo aja ali kuti?" a Casimiro anafunsa mmisiriyo.

"Ndatseka, Don Casimiro."

"Wakutumani ndani?"

Fulgencio anafotokoza mosathamanga kuti a Doña Herminia, popita kwa mwana wawo ku Chinandega, anati mabowo onse a pakhoma atsekedwe mvula isanafike. Iye anafunsa ngati zenera nalonso ndi bowo. Anati ayi. Ndiye zenera analisiya.

"Mwakwirira mbiri ya dziko lino."

"Inali m'kati?" Fulgencio anasuzumira khoma. "Ine ndapezamo mavu okha."

"Amenewo anali mabala a khomali, bambo inu."

"Ndiye lapola."

A Casimiro anagwira chipewa chawo ndi manja awiri. Tchalitchi aliyense angaonetse. Koma pakhoma apa ndi pomwe iwo ankatsitsa mawu, alendo n'kupisa chala m'bowo, azimayi ena n'kupukuta misozi. Popanda mabowo, iwo anali nkhalamba yoloza khoma la eni ake basi. Analamula kuti aboolenso msangamsanga pulasitala asanaume.

Fulgencio sanakane. Anangofunsa kuti aboole pati, poti iye akasalaza chinthu, ngakhale mwini wake sapezanso pomwe panali chilema.

"Pamlingo wa chifuwa."

"Chifuwa cha yani?"

"Cha mnyamata amene asilikali anamuwombera pano."

"Anali wamtali bwanji?"

"Ngati ine."

"Ndiye imani apo."

A Casimiro anakana, nati munthu wa msinkhu wawo satsamira matope atavala malaya oyera. Fulgencio anayankha kuti iye sagwira ntchito yongoyerekeza, ndipo anayambanso kutsuka mpeni wake. Belu la tchalitchi linalira. A Casimiro anakaima.

Mmisiri uja anatola chitsulo chachitali chomangira zipilala, nabwerera chafutambuyo mpaka pakati pa msewu. Ngolo ya hatchi inachita kumupatukira. Anati chipolopolo chimalowa molingana ndi komwe chachokera, ndiye ayenera kudziwa pomwe asilikali anaima.

"Apo pomwepo. Fulumirani."

"Mnyamatayo anakweza manja?"

"Kukweza manja? Iye uja?" A Casimiro anaiwala zofulumira. Nkhaniyi anali ataikamba kambirimbiri, ndipo sakanalola womanga nyumba aipotoze. Anati mnyamatayo anang'amba malaya ake yekha, n'kuonetsa asilikali chifuwa.

"Ndiye masulani mabatani."

Anamasula.

Fulgencio anatsinzina diso limodzi, naloza chitsulo. Kenako anachitsitsa, n'kutulutsa mpango wofiira m'thumba. Anati awamange kumaso.

"Mnyamatayo anakana kumangidwa kumaso. Mzinda wonse ukudziwa."

"Iye sankaopa laimu. Laimu akakugwerani m'maso, ine kuchipatala sindikuperekezani, ndili ndi ntchito ina masana."

Anakangana. A Casimiro anati mbiri siilola mpango. Fulgencio anati mbiri ilibe maso. Pomaliza mpango unamangidwa, ndipo a Casimiro anaima mumdima, msana ukuzizira ndi matope, mimba ili pamtunda. Ankamva mapazi a anthu mumsewu, koma mumsewu umenewu mumadutsa anthu nthawi zonse.

"Funso lomaliza, Don Casimiro. Anamuwombera akulankhula kapena atamaliza?"

"Zikukhudzana bwanji ndi bowo?"

"Munthu akamalankhula chifuwa chimakwera. Sindifuna kuphonya."

"Atamaliza."

"Ndiye lankhulani, ndione pomwe chitsikire."

A Casimiro ananena mawuwo chapansipansi, mwamanyazi. Fulgencio anati chifuwa sichinasunthe, kapena mnyamatayo ankanong'oneza asilikali? Apo mkuluyu zinamupweteka. Anakoka mpweya wonse wa mumsewumo, natambasula manja, n'kukuwa mpaka nkhunda zinabalalika padenga:

"Wombani, agalu inu! Ine ndikhala chete, koma khomali lidzalankhula!"

Fulgencio anathamanga ndi chitsulo chake n'kuchibaya m'khoma, pafupi penipeni ndi khwapa la a Casimiro. Mkuluyu atamva chitsulo chozizira chikukhudza nthiti, anaganiza kuti chamulasa. Anatsetsereka ndi khoma pang'onopang'ono, akukokolola pulasitala ndi msana, mpaka anakhala pansi, mutu utapendekeka.

Kenako m'manja munalira.

Atakoka mpango, mkuluyu anaona gulu lonse la alendo litazungulira, mafoni ali m'mwamba. Mayi wina wa tsitsi loyera ankalira osabisa. A Doña Leticia anali patsogolo, dzanja lili pakamwa.

A Casimiro anayesa kudzuka kuti afotokoze, kuti apepese, koma abwanawo anawerama n'kuwanong'oneza kuti zaka zonsezi ankabisiranji luso lotere. Za munthu wa Chingelezi uja aiwale. Ntchito ndi yawo, bola zimenezi zizichitika tsiku lililonse, ndipo Loweruka kawiri.

Mkuluyu anacheukira Fulgencio. Mmisiri uja anali akuyang'ana bowo lake limodzilo mosakhutira, akupukuta nsonga ya chitsulo ndi chala. Kenako anavula chipewa mwaulemu.

"Don Casimiro, mawa ndibwere nthawi yanji kudzakuphani?"